Chikalata chikakana kutseguka kudzera mu UNO ya LibreOffice: momwe mungapezere pomwe pathina

Mwalemba script ya Python yoti izitsegula mafayilo a Word ndi Excel kudzera mu LibreOffice, iwasandutse PDF kapena itengemo manambala. Script yotere imalankhula ndi LibreOffice kudzera mu UNO, njira yomwe mapulogalamu ena amalamulira LibreOffice, ndipo lamulo lotsegulira chikalata ndi `loadComponentFromURL`. Pa laputopu yanu ikuyenda bwinobwino. Mwaiika pa seva, basi `loadComponentFromURL` ikubweza `None`, kapena ikutaya uthenga wakuti "type detection failed", kapenanso yangoti zii, osamaliza, osalephera, mpaka muichotse nokha.

Ambiri akafika apa amayamba kusinthasintha mzere womwewo wa `loadComponentFromURL`, pomwe kawirikawiri mzerewo ulibe mlandu. Vuto limakhala mwina LibreOffice yeniyeniyo siyikudzuka, mwina script siyikuifikira, mwina adilesi ya fayilo yalembedwa molakwika, mwina fayiloyo si chomwe dzina lake likunena, kapena LibreOffice ili ndi funso loti munthu ayankhe koma munthuyo palibe. Tsatirani masitepewa mu ndondomeko yake. Mukadumpha loyamba, otsalawo akhoza kukunamizani.

## Zofunika musanayambe

- LibreOffice yokhala ndi Writer ndi Calc, komanso Impress ngati mukugwira mafayilo a PowerPoint. Lembani `soffice --version` kuti mudziwe yomwe muli nayo (`soffice` ndi lamulo lomwe limadzutsa LibreOffice). Zomwe zili munozi zimagwira pa 7.x komanso pa 24.2 ndi zina zobwera pambuyo pake.
- Python yomwe imavomera `import uno`.
- Terminal pa makina omwe vuto likuchitikira, ndi mwayi woyendetsa malamulo pa akaunti yomwe script imayendera.
- Fayilo yomwe ikukanayo, ndi ina yaing'ono yomwe mwapanga nokha mu Writer, ya dzina losavuta ngati `yesa.odt`.
- Kompyuta yokhala ndi sikirini ndi LibreOffice. Idzafunika pa sitepe 7.
- Pa Linux, malamulo awa: `file`, `unzip`, `xxd` ndi `ss`.

## Sitepe 1: Siyani code kaye, yesani LibreOffice payokha

LibreOffice imatha kutsegula ndi kusandutsa fayilo popanda script iliyonse. Yambani ndi zimenezi:

```
sudo -u www-data soffice --headless \
  -env:UserInstallation=file:///tmp/lo_yesa \
  --convert-to pdf --outdir /tmp/zotuluka /srv/zikalata/lipoti.docx
```

Pamalo pa `www-data` ikani akaunti yomwe script yanu imagwiritsa ntchito. PDF ikatuluka, ndiye kuti LibreOffice ndi fayiloyo zili bwino, vuto lili pakati pa script ndi LibreOffice. Mukaona "Error: source file could not be loaded", yesani `yesa.odt`. Ikatheka, kayikirani fayilo yanu ndipo pitani ku sitepe 6. Ikakananso, LibreOffice yanu ndi yosakwanira.

Izi zimachitika kwambiri mu Docker ndi pa maseva a Debian ndi Ubuntu, pomwe munthu pofuna kusunga malo amaika `libreoffice-core` yokha. Pulogalamuyo imadzuka, imalandira script yanu, koma ilibe Writer kapena Calc yoti itsegulire chikalata. Onani zomwe zilipo ndi `dpkg -l | grep libreoffice`, kenako onjezerani `libreoffice-writer` ndi `libreoffice-calc`.

Chenjezo: musayese pa akaunti yanu kapena ya root n'kukhutira. Pa Debian foda yakwawo ya `www-data` ndi `/var/www`, ndipo akauntiyo ilibe chilolezo cholembamo. LibreOffice ikalephera kupanga profile yake, foda yomwe imasungamo zosankha za woigwiritsa ntchito, imafa isanatsegule kanthu. Kuyesa pa root kumabisa zonsezi.

Onaninso komwe `soffice` yanu inachokera. Ya Snap kapena Flatpak imakhala yotsekeredwa: ya Snap ili ndi `/tmp` yakeyake ndipo siyiona mafoda ambiri a kunja kwa `/home`. Pa seva, maganizo anga ndi akuti musalimbane nayo. Ichotseni, ikani ya `apt` kapena mafayilo a deb ndi rpm ochokera ku The Document Foundation, bungwe la eni ake a LibreOffice.

## Sitepe 2: Tsimikizani kuti Python ikupeza uno

```
python3 -c "import uno; print(uno.__file__)"
```

Pa Debian ndi Ubuntu, mukaika `python3-uno`, yankho liyenera kukhala `/usr/lib/python3/dist-packages/uno.py`. Pa Windows gwiritsani ntchito Python yobwera ndi LibreOffice, yomwe imapezeka pa `C:\Program Files\LibreOffice\program\python.exe`.

Chenjezo: mukaona "No module named 'uno'", dzanja limathamangira ku `pip install uno`. Musatero. Phukusi la dzina limeneli ku PyPI ndi chinthu china, chosakhudzana ndi LibreOffice, ndipo likalowa limaphimba lenileni. Ngati munaliika kale, lichotseni. Amene mukugwiritsa ntchito venv, ipangeni ndi `python3 -m venv --system-site-packages` kuti iziona `uno` wa makinawo.

Uthenga wakuti "No module named 'com'" nthawi zambiri umatanthauza kuti mwalemba `from com.sun.star...` musanalembe `import uno`. Sinthani malo a mizere iwiriyo.

## Sitepe 3: Dzutsani soffice ndi profile yakeyake

```
soffice --headless --norestore --nologo \
  -env:UserInstallation=file:///srv/lo/profile1 \
  --accept="socket,host=127.0.0.1,port=2002;urp;"
```

Mzere wa `UserInstallation` ndi womwe anthu amausiya, pomwe ndi wofunika kuposa yonse. LibreOffice imalola soffice imodzi yokha pa profile imodzi. Mukadzutsa yachiwiri pa profile yomweyo, imangopereka malamulo ake kwa yoyambayo n'kutuluka. Script yanu imaganiza kuti ili ndi soffice yake, pomwe ikulankhula ndi ya munthu amene watsegula Calc pa kompyutayo, kapena ndi ina yakale yomwe inatsala yopachikika dzulo. Mukapempha kuti itseke, mumamutsekera mnzanu ntchito yake. Profile ya masiku onse imakhala pa `~/.config/libreoffice/4/user` pa Linux ndi `%APPDATA%\LibreOffice\4\user` pa Windows. Script yanu isakhudze imeneyi.

`--norestore` imaletsa zenera lija lomwe limabwera magetsi akathima mwadzidzidzi, lofunsa ngati mukufuna kubwezeretsa zikalata. Pa seva palibe woti adine batani.

Tsopano onani ngati ikumvetsera: `ss -ltnp | grep 2002` pa Linux, `netstat -ano | findstr 2002` pa Windows. Pakapanda kuoneka kanthu, yang'anani mawu a `--accept`. Ayenera kukhala m'kati mwa zizindikiro `" "`, chifukwa popanda izo shell imatenga `;` ngati mapeto a lamulo, n'kudula mzerewo pakati.

Chenjezo: musalembe `host=0.0.0.0` pofuna kuti makina ena azifika. UNO siyifunsa dzina kapena pasiwedi. Aliyense wofika pa port imeneyo angathe kuwerenga mafayilo ndi kuyendetsa malamulo pa makina anu. Ngati zonse zili pa makina amodzi, mukhozanso kusiya port n'kugwiritsa ntchito `--accept="pipe,name=ofesi;urp;"`.

Dzutsani `soffice`, osati `soffice.bin` mwachindunji. Profile ikakhala yatsopano, pulogalamuyo imatha kudzitseka kuti idzukenso, ndipo `soffice` ndi yomwe imaidzutsanso.

## Sitepe 4: Lumikizani modekha

```python
import time
import uno
from com.sun.star.connection import NoConnectException

def lumikiza(port=2002, masekondi=30):
    wapano = uno.getComponentContext()
    resolver = wapano.ServiceManager.createInstanceWithContext(
        "com.sun.star.bridge.UnoUrlResolver", wapano)
    adilesi = ("uno:socket,host=127.0.0.1,port=%d;urp;"
               "StarOffice.ComponentContext" % port)
    for _ in range(masekondi * 2):
        try:
            ctx = resolver.resolve(adilesi)
            return ctx.ServiceManager.createInstanceWithContext(
                "com.sun.star.frame.Desktop", ctx)
        except NoConnectException:
            time.sleep(0.5)
    raise RuntimeError("soffice sinayankhe")
```

`NoConnectException` nthawi zambiri ndi odi wofuulidwa pakhomo eni nyumba asanadzuke. Soffice imatenga masekondi angapo, makamaka tsiku loyamba pomwe ikupanga profile. Kuika `sleep(5)` kamodzi kumagwira pa laputopu yothamanga n'kukana pa seva yolemedwa, n'chifukwa chake code ili pamwambayi imabwereza mpaka itayankhidwa.

Onetsetsani zinthu ziwiri. Desktop, yomwe ndiyo imatsegula zikalata, ipangidwe kuchokera ku `ctx`, yomwe yachokera kwa soffice, osati ku `wapano`. Mukasokoneza ziwirizi mumapeza `None` kapena uthenga wosamveka mutu wake. Chachiwiri, mawu akuti `StarOffice.ComponentContext` asiyeni momwemo. Ndi dzina la pulogalamu yakale yomwe inabala OpenOffice.org, ndipo silinasinthidwe. Mukalikonza kuti likhale LibreOffice, kulumikizana kumakanika.

Lembani `127.0.0.1` mbali zonse ziwiri. Pa makina ena `localhost` imaloza ku IPv6, mbali imodzi n'kumadikira pomwe inayo siyikufika.

Mukalumikizana, yesani chikalata chopanda fayilo:

```python
desktop = lumikiza()
doc = desktop.loadComponentFromURL("private:factory/swriter", "_blank", 0, ())
print(doc)
doc.close(True)
```

Ichi chikatheka, Writer ilipo ndipo njira ndi yotseguka. Kwa Calc lembani `private:factory/scalc`.

## Sitepe 5: Konzani adilesi ya fayilo

`loadComponentFromURL` imafuna URL, osati njira ya fayilo momwe mumailembera mu terminal. `/srv/zikalata/lipoti.docx` ndi yolakwika, `file:///srv/zikalata/lipoti.docx` ndi yolondola. Pa Windows ndi `file:///C:/Zikalata/lipoti.docx`. Mukalakwitsa mumalandira `IllegalArgumentException` yoyamba ndi mawu akuti "Unsupported URL".

Musalumikize nokha `"file://" + njira`. Zimagwira mpaka tsiku lomwe wina adzatumize fayilo ya dzina lokhala ndi `#` kapena `%`. Mu URL, `#` imadula dzina pomwepo, ndiye `Invoice #12.docx` imasanduka fayilo yomwe kulibe. Lolani UNO ichite yokha:

```python
import os
url = uno.systemPathToFileUrl(os.path.abspath(njira))
print(url)
```

Mpata umasanduka `%20`, ndipo ŵ wa mu `Malaŵi.docx` amasanduka `%C5%B5`. `abspath` ndi yofunika chifukwa soffice ili ndi foda yakeyake yomwe inadzukira, siyidziwa komwe script yanu yaima. Amene mumalemba mu Basic, ntchito yomweyi imagwiridwa ndi `ConvertToURL`.

Mayina a mafayilo athu amakonda kukhala ndi nkhodolero: `ng'ombe.xlsx`, `za m'mudzi.docx`. UNO ilibe nayo vuto, koma shell ili nalo. Ngati script yanu imapanga lamulo la `soffice` polumikiza mawu n'kulipereka ku `os.system`, chizindikiro `'` chimatseka mawuwo pakati. Gwiritsani ntchito `subprocess.run` ndi mndandanda wa zigawo, popanda `shell=True`.

Pa Windows, `"C:\Users\..."` mu Python siyiyenda n'komwe chifukwa cha `\U`, pomwe `"C:\new\test.docx"` imayenda koma `\n` ndi `\t` zitasanduka zina. Ikani `r` patsogolo pa mawuwo.

Chenjezo: "type detection failed" sikutanthauza kuti mtundu wa fayilo ndi wachilendo basi. Uthenga womwewu umabwera fayilo ikakhala kulibe kapena soffice ikalephera kuiwerenga. Apa pali msampha: `os.path.exists` ikanena kuti fayilo ilipo, yangonena kuti script ikuiona. Wotsegula weniweni ndi soffice, yomwe ingakhale pa akaunti ina, mu container ina, kapena ndi `/tmp` ina. Apache pa Debian ndi Ubuntu imayenda ndi `PrivateTmp=true` ya systemd, kutanthauza kuti fayilo yomwe webusaiti yanu yalemba mu `/tmp` siyioneka kwa soffice yodzutsidwa kwina. Pangani foda imodzi, monga `/srv/zikalata`, yomwe onse awiri ali ndi chilolezo chowerengamo.

Ngati soffice ili pa makina ena ndithu ndipo simungagawane foda, tumizani zam'kati mwa fayilo: URL ikhale `private:stream`, ndipo onjezerani `InputStream` pa zomwe mukupereka.

## Sitepe 6: Yang'anani m'kati mwa fayilo

Dzina lothera `.xlsx` si umboni woti fayiloyo ndi ya Excel.

```
ls -l lipoti.docx
file lipoti.docx
head -c 8 lipoti.docx | xxd
unzip -t lipoti.docx
```

Mafayilo a docx, xlsx, pptx, odt ndi ods onse ndi zip, ndipo amayamba ndi `504b`, zomwe ndi zilembo PK. Mafayilo akale a doc ndi xls amayamba ndi `d0cf 11e0`. Mukapeza docx yoyamba ndi `d0cf 11e0`, pali ziwiri: mwina ndi doc yakale yomwe wina anangoisintha dzina, kapena ndi yotsekedwa ndi pasiwedi. Microsoft Office ikatseka docx kapena xlsx ndi pasiwedi imaikulunga m'chotengera chakalecho, ndipo `file` imanena kuti "CDFV2 Encrypted".

`unzip -t` ikadandaula, fayiloyo inaduka, kawirikawiri chifukwa intaneti inathawa ikutsitsidwa kapena script inayamba kuitsegula isanamalize kulembedwa. Chachiwirichi chimavuta kuchigwira, chifukwa mukabwera kudzayesa pamanja fayiloyo imakhala itamalizika kale. Muzilemba ndi dzina longoyembekezera, n'kusintha dzinalo pomaliza.

`file` ikanena kuti ndi HTML, mwina munatsitsa tsamba lofunsa pasiwedi kapena la uthenga wa vuto, osati chikalata. Choipa chake n'chakuti LibreOffice imatha kutsegula HTML yoteroyo popanda kudandaula, n'kukupatsani PDF ya tsamba lolowera. Fayilo ya 0 bytes nayo ikhoza kutseguka ngati chikalata chopanda kanthu. Ikaneni mu script isanafike kwa soffice.

## Sitepe 7: Pezani funso lomwe LibreOffice ikufuna kufunsa

Apa ndi pomwe pamachokera `None` wambiri, choncho tikhalapo pang'ono.

Munthu akamatsegula chikalata pamanja, LibreOffice imamufunsa mafunso: pasiwedi ndi chiyani, fayiloyi wina waitsegula kale ndiye titani, yawonongeka kodi tiikonze, CSV iyi yagawidwa ndi chizindikiro chanji. Mukaiyendetsa ndi `--headless` (popanda mazenera), kapena mukapereka `Hidden` potsegula chikalata, mafunsowa saoneka. Pulogalamuyo imadziyankha yokha mwakachetechete, ndipo mayankho ake si ofanana. Pa pasiwedi ndi pa fayilo yowonongeka imasiya kutsegula, inu n'kulandira `None` kapena `IllegalArgumentException`. Pa fayilo yomwe wina waigwira imatsegula yongowerenga, osakuuzani. Pa CSV imadzisankhira momwe iwerengere.

Mukapanda kupereka zonse ziwiri, zenera la funso limatulukadi. Pa kompyuta yanu mumaliona n'kudina osaganizirako. Pa seva ya Windows kapena pansi pa Xvfb (sikirini yongoyerekezera ya pa Linux) limatuluka pomwe palibe maso, script n'kudikira mpaka kalekale. Kupachikika kuja gwero lake ndi limeneli.

Njira yachidule yodziwira funsolo: tengerani fayiloyo pa kompyuta ya sikirini, dzutsani soffice popanda `--headless`, chotsani `Hidden`, yendetsani script yomweyo. Zenera lomwe lituluke ndilo yankho lanu. Mukalidziwa, liyankhireni mu code:

```python
from com.sun.star.beans import PropertyValue

def pv(dzina, mtengo):
    p = PropertyValue()
    p.Name = dzina
    p.Value = mtengo
    return p

zopereka = (
    pv("Hidden", True),
    pv("ReadOnly", True),
    pv("MacroExecutionMode", 0),
    pv("UpdateDocMode", 0),
)
doc = desktop.loadComponentFromURL(url, "_blank", 0, zopereka)
```

`ReadOnly` ndi yabwino nthawi zonse pomwe mukungowerenga kapena kusandutsa PDF, chifukwa simulimbana ndi wina aliyense pa fayiloyo. `MacroExecutionMode` ya 0 imaletsa ma macro kuyenda, ndipo pa mafayilo otumizidwa ndi anthu osawadziwa musaisinthe. `UpdateDocMode` ya 0 imaletsa chikalata kukatenga zinthu ku mafayilo ena kapena pa intaneti. Fayilo ya pasiwedi imafuna `pv("Password", "...")`. Yowonongeka mukhoza kuiyesa ndi `pv("RepairPackage", True)`, koma muone chomwe chatuluka ndi maso anu musanachikhulupirire.

Za fayilo yogwidwa: LibreOffice ikatsegula `lipoti.odt` kuti ilembemo, imasiya kafayilo kobisika kotchedwa `.~lock.lipoti.odt#` m'foda yomweyo. Magetsi akathima kapena soffice ikaphedwa, kafayiloka kamatsala. Script yanu imatsegula bwino, imasintha zomwe ikufuna, n'kudzalephera posunga, ndipo inu mumakafufuza pa `store` pomwe vuto linayambira potsegula. Funsani `doc.isReadonly()` mukangotsegula. Lembani `ls -a` kuti muone kafayiloko, ndi `cat` kuti muwerenge m'kati mwake: muli dzina la akaunti, la kompyuta ndi nthawi. Musafufute musanatsimikize kuti mwini wakeyo sakulembamo panopa.

Chenjezo: mayina a zoperekazi amasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo dzina lolakwika silibweretsa uthenga uliwonse. `hidden` kapena `Readonly` zimangonyalanyazidwa. `"True"` m'kati mwa zizindikiro si `True`. Ndipo mukamapereka chimodzi chokha musaiwale mpatuliro: `(p,)` ndi yolondola, pomwe `(p)` ndi `p` chabe ndipo UNO imaikana.

Chigawo chachiwiri cha `loadComponentFromURL` chikhale `"_blank"`. `"_default"` imatha kukupatsani chikalata chomwe chinali chotsegula kale m'malo motsegula chatsopano.

## Sitepe 8: Tchulani filter pokhapokha pakufunika

Pa docx ndi xlsx zabwinobwino LibreOffice imadziwa yokha filter yoyenera, kutanthauza gawo lomwe limawerenga mtundu umenewo wa fayilo. Kuikakamiza ndi `FilterName` yolakwika ndi njira ina yopezera `None`. Mayina ake ayenera kulembedwa ndendende: `MS Word 2007 XML`, `MS Word 97`, `Calc MS Excel 2007 XML`, `MS Excel 97`, `writer8`, `calc8`.

CSV ndi nkhani ina. Imeneyi musaisiyire LibreOffice kuti iganize:

```python
zopereka = (
    pv("Hidden", True),
    pv("FilterName", "Text - txt - csv (StarCalc)"),
    pv("FilterOptions", "44,34,76,1,2/2"),
)
```

44 ndi mpatuliro `,` womwe ukugawa ma column. Ngati fayilo yagawidwa ndi `;` lembani 59, ngati ndi tab lembani 9. 34 ndi chizindikiro `"` chomwe chimakuta mawu. 76 ndi UTF-8. 1 akutanthauza kuti kuwerenga kuyambire pa mzere woyamba. `2/2` akunena kuti column yachiwiri itengedwe ngati mawu, osati nambala.

Ziwiri mwa izi zimatikhudza mwachindunji. Fayilo ya UTF-8 ikawerengedwa ngati Windows-1252, dzina loti Malaŵi limatuluka ngati `MalaÅµi`, ndi mayina onse a anthu okhala ndi ŵ chimodzimodzi. Ndipo manambala a foni oyamba ndi 088 kapena 099 amataya 0 wawo woyamba column yake ikapanda kutengedwa ngati mawu. Chikalata chimatseguka, palibe uthenga wa vuto, koma mndandanda wonse wawonongeka. Madeti olembedwa tsiku, mwezi, chaka apatseni 4 pamalo pa 2, mwachitsanzo `3/4` kwa column yachitatu, kuti 03/04 asasanduke March.

## Sitepe 9: Onani chomwe mwalandira, ndipo tsekani

```python
doc = desktop.loadComponentFromURL(url, "_blank", 0, zopereka)
if doc is None:
    raise RuntimeError("sichinatseguke: " + url)
try:
    if doc.supportsService("com.sun.star.sheet.SpreadsheetDocument"):
        filter_pdf = "calc_pdf_Export"
    elif doc.supportsService("com.sun.star.presentation.PresentationDocument"):
        filter_pdf = "impress_pdf_Export"
    else:
        filter_pdf = "writer_pdf_Export"
    doc.storeToURL(url_ya_pdf, (pv("FilterName", filter_pdf),))
finally:
    doc.close(True)
```

Popanda `if doc is None`, uthenga womwe mudzaone ndi wakuti 'NoneType' object has no attribute 'storeToURL', ndipo umaloza pa mzere wosalakwa. `supportsService` imakuuzani chomwe chatsegukadi, chifukwa fayilo yomwe mumaiyesa ya Calc ikhoza kutsegukira mu Writer. `finally` imaonetsetsa kuti chikalata chatsekedwa ngakhale kusandutsa kulephere. Zikalata zobisika zosatsekedwa zimaunjikana, memory n'kudzaza, mpaka soffice kugwa.

Ikagwa mudzaona `DisposedException`, kawirikawiri ndi mawu akuti "Binary URP bridge disposed during call". Desktop yomwe munali nayo yatha ntchito. Dzutsaninso soffice, lumikizaninso, ndipo lembani dzina la fayilo yomwe inali m'manja panthawiyo kuti isabwerezedwe kosalekeza.

## Zolakwika zomwe zimabwera kawirikawiri

Kutumiza zikalata zambiri nthawi imodzi kwa soffice imodzi. M'kati mwake ntchito zambiri zimadikirana, choncho simupindula liwiro, ndipo fayilo imodzi yovuta imapachika zonse. Mukafuna zinayi nthawi imodzi, dzutsani ma soffice anayi, iliyonse ndi port yake ndi `UserInstallation` yake.

Kusaika malire a nthawi. `loadComponentFromURL` ilibe nthawi yomwe imagonja yokha. Malirewo muike kunja kwake: ntchito ikadutsa nthawi yomwe mwaika, iphani soffice, dzutsani ina.

Kupha process yolakwika. Pa Linux `soffice` imadzutsa `oosplash`, yomwe imadzutsa `soffice.bin`. Mukapha yoyambayo, `soffice.bin` imatha kutsala itagwira port ndi profile, ndipo script yotsatira imalankhula ndi yopachikikayo. Onani ndi `pgrep -a soffice`. Yambani ndi `desktop.terminate()`, kupha kukhale komaliza.

Kumeza uthenga wa vuto. `except Exception: pass` imafufuta umboni wonse. Lembani mu log mtundu wa exception, `e.Message`, URL yonse monga inaperekedwera, ndi akaunti yomwe inayendetsa.

Kuiwala Quickstarter pa Windows. Imasunga soffice yodzuka kuseri ngakhale mazenera onse atsekedwa. Profile yapadera ya pa sitepe 3 imathetsa izi.

Kuimba mlandu kutsegula pomwe vuto ndi ma font. Chikalata chikatseguka koma masamba achuluka ndipo matebulo asefukira, ndiye kuti seva ilibe Calibri ndi Cambria. Ikani `fonts-crosextra-carlito`, `fonts-crosextra-caladea` ndi `fonts-liberation`, zomwe zilembo zake ndi zofanana m'lifupi ndi za Microsoft, kenako dzutsaninso soffice kuti iziwerenge.